Misomali Yopanda Magalasi

Dalaivala anayamba kutsitsa magalasi m'mawa wa tsiku lomwe mkazi wake amatuluka m'chipatala, ndipo ntchito yake siinali yamasewera. Mayiyu magalasi anali matenda ake. Lalitali pabalaza, lozungulira pamwamba pa sofa, ting'onoting'ono m'kanjira kopita kuchipinda, mpaka lina kuseri kwa maluwa, loti kadimba kongokwana kuyanikapo zovala kazioneka ngati munda wa bwana. Alendo ankaseka kuti nyumba imeneyi ukalowa wekha umapezamo msonkhano.

Koma sitovu ya gasi inamulipukira mayiyu kumaso, ndipo chipsereni anali asanadzione. Anamwino anamasula mabandeji dzulo lake, Dalaivala ali pomwepo. Anaona tsayalo, anaona mlomo utakokekera kumbali, mtima unangoti phwii. "Aaa, zapola bwino, si zambiri ayi," anatero akuyang'ana nsapato zake.

"Achimwene, munthu mungamubisire nkhope yake?" anafunsa mlongo wake, yemwe anabwera kudzathandiza kukonza m'nyumba.

"Iwe gwira uko, usandiphunzitse banja."

Anawapanikiza onse kuseri kwa wadilopu, nawafunditsa bulangeti. Mantha ake anali amodzi: kuti mayiyu akadziona lero lomwe, atha mtima, osadzukanso pabedi. Mawa mwina, kapena mkuja. Koma lero ayi.

Masana anakamutenga mkazi wake kuchipatala. Njira yonse Dalaivala ankangobwebweta za mitengo ya matayala, maso ali pamsewu, mayiyo ali kumbuyo atadzifunda mpango. Pageti anamugwira mkono n'kumudutsitsa m'dimba mothamanga ngati kukugwa mvula.

Mayi uja analowa pabalaza, naima. Pakhoma panali msomali, ndi chigamba cha penti yowala pomwe panali galasi. Anatembenuka. Pamwamba pa sofa, msomali. M'kanjira, timisomali tili ndandanda. Mlongo uja anazemba n'kukayamba kutsuka mbale zotsuka kale.

"Ndimati tipente," anatero Dalaivala.

"Ndi kudimba komwe mupenta?"

Dalaivala anayang'ana nsapato zake.

"Bambo, munandiuza kuti si zambiri." Mawu ake ankatuluka movutikira chifukwa cha mlomo uja. "Ndinakukhulupirirani. Usiku ndinagona tulo. Ndiye mwachotsa onse? Ngakhale kakang'ono ka pakhomo? Ndiye kuti zavuta zedi eti?"

Kalanga ine! Thukuta lonse lija, n'kukhala iye mwini womuuza kuti nkhope yaonongeka.

"Katengeni lalitali lija."

"Mayi, pumulani kaye, mwatopa. Mawa..."

"Katengeni. Mugwire inuyo."

Analitulutsa, m'mphepete mwake mukugunda zitseko. Analiimika pakati pa balaza, iye n'kuima kuseri kwake. Kumeneko ankangoona thabwa lafumbi, ndipo kunena zoona anayamika kuti wabisala. Anamva mpango ukugwa pansi. Anadikira kukuwa. Anadikira kuti mwina chigwa chimunthu, alitaye galasilo akamuwakhe. Zii. Kukhitchini nako madzi anasiya kutuluka. Zala zake zinayamba kuterera ndi thukuta, mikono ikuwawa, koma sanayerekeze kusuzumira.

Kenako anamva mpweya wautali, wonjenjemera.

"Chabwino. Ndaona," anatero mkazi wake. "N'zoopsa. Ndilira, koma osati pano. Liikeni uko."

Analitsamiritsa kukhoma, nayamba kulipukuta ndi mkono wa malaya, kupukuta poyera kale.

"Bambo."

"Ee, mayi."

"Galasi landiyang'ana, silinathawe. Inuyo chimasulireni mabandeji mukulankhula ndi nsapato zanu. Ine zimene ndikuopa ndi zimenezo, osati tsayali. Tatembenukani."

Dalaivala anasiya kupukuta. Khosi linali lolemera ngati la munthu wina, ndipo manyazi anamugwira. Anatembenuka pang'onopang'ono, nakweza maso kuchoka kumapazi, kudutsa manja omwe anakumbatira chikwama cha mankhwala, mpaka kumaso. Mkazi wake sanaphethire.

"Musachotse maso," anatero. "Ndikuuzani ine kuti basi."