Tsiku Limene a Sitampa Analamulira Supamaketi

A Sitampa anagwira ntchito ku positi mpaka tsitsi linayera, ndipo dzinali analitengera komweko, chifukwa ankadinda makalata mwamphamvu ngati makalatawo awalakwira. Atapuma pa ntchito dzinalo linawatsatira kunyumba. Ngakhale akazi awo ankawatchula choncho akawapsetsa mtima.

Panapita zaka zambiri asanapondemo mu supamaketi. Mwana wawo wamkazi, yemwe anali namwino, ankangotokosatokosa foni yake ali kuntchito, madzulo munthu wa njinga yamoto n'kufika pageti ndi majumbo. A Sitampa ankalandira katunduyo ndi nkhope ya munthu amene wasiyiridwa mwana wa eni. Ankatembenuza buledi, kumudina ndi chala, kununkhiza nyama, kenako n'kupukusa mutu.

"Chinthu chimene sunachigwire ndi dzanja lako, ungati wagula?" ankatero. "Uku n'kutumiziridwa chabe, ngati mkaidi."

Ndiye zinachitika kuti namwinoyo anatumizidwa ku maphunziro kutali, m'nyumba zinthu n'kuyamba kutha. Loweruka m'mawa a Sitampa analengeza kuti apita okha kukagula monga anthu ankachitira. Anatulutsa suti yawo yakuda, imene masiku amenewa inkangoona kunja pa maliro ndi pa ukwati. Anaisita, anapukuta nsapato mpaka zinanyezimira, n'kumanga tayi.

"Kodi amwalira ndani?" anafunsa akazi awo.

"Tikupita ku sitolo, mayi. Mwaiwala mmene tinkapitira?"

Mayiwo sanaiwale. Kale kugula kwa Loweruka kunali ulendo weniweni. Iwo ankavala ndolo, ana ankadzozedwa mafuta mpaka pamphumi pankaoneka nkhope. Manijala ankaima pakhomo atavala suti, kupereka moni wa padzanja ndi kufunsa za ana. Wodula nyama ankadziwa amene amakonda yamafupa ndi amene mano awathera. Munthu unkalowa kukagula shuga, n'kutuluka ukudziwa amene wabereka, amene wathawidwa ndi mwamuna ndi amene wagula firiji. A Sitampa anamva kuti akwezedwa pa ntchito ali pakati pa sopo ndi mafuta ophikira, ndipo anawauza ndi akazi a bwana wawo, bwanayo asananene kanthu.

Ulendo uno mayiwo anangovala diresi la masiku onse ndi nsapato zofewa. Amuna awo anawayang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi n'kungotenga chipewa chawo, chifukwa zaka za m'banja zinawaphunzitsa nkhondo zoyenera kuzisiya.

Atafika, zitseko zagalasi zinatseguka zokha, ndipo a Sitampa, mwa chizolowezi, anati zikomo. M'katimo nyimbo zinkagunda ngati pali phwando. Panadutsa bambo wandevu atavala kabudula ndi masilipasi. Panadutsa mtsikana atavala zovala zogonera zamizeremizere, akukangana ndi munthu wosaoneka, timawaya tili lendelende m'makutu. Mayi wina ankajambula chitini cha nyemba ndi foni. Mnyamata wina ankawerenga kumbuyo kwa paketi ya mabisiketi atachita tsinya, ngati mawa alemba mayeso ake. Antchito ovala malaya obiriwira ankathamanga ndi tingolo, akuponyamo katundu wa anthu amene anali m'nyumba zawo pa nthawiyo, mwina ali chigonere.

A Sitampa anasankha bambo wina wooneka waulemu n'kumuweramira pang'ono.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

Bamboyo anazula kachinthu m'khutu, anawayang'ana, n'kuloza kumanzere. "Zimbudzi zili uko," anatero, n'kubwezera kachinthu kake.

Akazi awo anakoka kangolo. "Inu imani pano muzitolera moni wanu," anatero. "Ine ndikagule."

Anaimadi pamenepo, pafupi ndi maluwa apulasitiki, manja kumbuyo, chifuwa patsogolo, akuyang'ana mtundu wa anthu umene unalowa m'malo mwa anzawo. Sipanapite nthawi, mayi wina wa magalasi akuda anawayandikira atanyamula bokosi la mkaka.

"Pepani bwana, kodi akuluakulu muno ndinu?"

A Sitampa anamwaza maso sitolo yonse. Sanaone aliyense wowaposa zaka.

"Zikuoneka kuti ndine," anayankha moona mtima.

Mayiyo anakhuthula dandaulo lake. Iye samwa mkaka wa ng'ombe, amamwa wa soya, ndipo aka n'kachitatu kuupeza kulibe. A Sitampa sankadziwa kuti soya amakamidwa, koma sanafune kuonetsa umbuli pamaso pa mayi. Anakodola wantchito wina amene ankapanga mulu wa zitini.

"Mayiwa akufuna mkaka wopanda ng'ombe. Apezereni."

Wantchitoyo anayang'ana suti, anayang'ana nsapato, nkhope yake n'kusintha. Sabata yonse m'sitolomo munali mphekesera yoti kubwera bwana wa ku likulu kudzayendera mosadziwitsa. Anathamangira kumbuyo kosungira katundu, n'kubwera ndi katoni yathunthu ya mkakawo. Popita anali atanong'oneza mlonda, mlonda ananong'oneza wolandira ndalama, ndipo posakhalitsa aliyense wa malaya obiriwira ankayenda ngati msilikali. Mlonda anabwera n'kuwachitira sawatcha.

Apa m'pamene a Sitampa anazindikira kuti anthuwa asokoneza. Anatsegula pakamwa kuti akonze zinthu, koma atatembenuka anapeza kutsogolo kwawo kuli mzere. Mzere weniweni, wa anthu oyembekeza mawu awo. Chipumire pa ntchito anali asanauonenso. M'chifuwa mwawo munatentha mokoma, ndipo pakamwa paja panatuluka mawu ena.

"Wotsatira."

Wotsatirayo ankadandaula kuti polipirira potsegula m'pamodzi pokha, kwinako kuli makina oti munthu adzilipirire yekha, ndipo makinawo amukalipira kawiri pamaso pa ana ake. A Sitampa analamula kuti malo onse olipirira atsegulidwe. Atauzidwa kuti olandira ndalama ndi ochepa, anati aliyense wodziwa kuwerenga akhale pampando. Mayi wokolopa anasiya chokolopera chake n'kukakhala, akuyang'ana mabatani ngati ng'ombe yoyang'ana galimoto.

Kenako analamula kuti nyimbo azichepetse, chifukwa muno si m'bala. Analamulanso kuti wantchito aliyense azipereka moni kwa kasitomala ndi kumufunsa za kunyumba. Lamulo limeneli linadzetsa mantha. Mnyamata wa mabisiketi uja, mlonda atamufunsa kuti kunyumba ali bwanji, anatukula manja m'mwamba n'kunena kuti sanabe kanthu, amusetche ngati akufuna.

Ku zamasamba a Sitampa anapeza matimati atakulungidwa m'timapaketi tapulasitiki, anayianayi ngati mazira.

"Munthu adziwa bwanji kuti ndi lakupsa?" anafunsa.

"Amangoona, bwana."

"Maso sagula phwetekere. Tsegulani onse."

Anatsegula onse n'kuwathira m'bokosi. Komwe anachokera amayi achikulire sikunadziwike, koma anangoti unjiunji pamenepo, akudina, akufinya, akubweza, akutolanso lomwelo, nkhope zili ngwee ngati akumana ndi m'bale wotayika.

Ndiye panafika bambo wina wamtali atanyamula keke m'bokosi. Kekeyo inali ya tsiku lobadwa la mwana wake, ndipo theka linali litadyedwa kale. Anati anaigula dzulo koma ana sanaikonde.

"Nanga theka linalo lapita kuti?" anafunsa mayi wophika makeke, yemwe anaitanidwa kuti adzayankhe mlandu.

"Tinkafuna titsimikize," anatero bamboyo.

A Sitampa anaganiza mozama. M'masiku awo mawu a munthu wamkulu ankakwana. Munthu sangasenze keke kudutsa m'tauni chifukwa cha bodza.

"Mupatseni ina," anagamula. Wophikayo anakatenga ina.

Akazi awo anadutsa chapatali ndi kangolo kodzaza theka. Anaima, anaona mlonda akuyenda pambuyo pa amuna awo atawanyamulira chipewa, ndipo anayandikira.

"Bambo, mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi," anawanong'oneza.

"Mayi, ndili pa ntchito."

"Chabwino. Mukatha mundipeza ku mafiriji."

Chimene chinatsala chinali chimkuzamawu cholengezera ana osochera. A Sitampa anachiona patebulo la pakhomo, anachigogoda ndi chala, anatsokomola, ndipo chifuwa chawo chinamveka sitolo yonse.

"Makasitomala athu okondedwa. Ikani kaye mafoni m'thumba. Aliyense atembenuke apereke moni kwa amene wayandikana naye. Sitipitiriza kugulitsa mpaka mutatero."

Anthu anayang'anana. Ena anakweza mafoni n'kuyamba kujambula. Mtsikana wa zovala zogonera anauza munthu wake wosaoneka kuti adikire kaye, muno mwalowa zachilendo. Kenako, mwamanyazi, manja anayamba kutambasuka. Bambo wa kabudula anagwira dzanja la mayi wina n'kumuyang'anitsitsa.

"Koma nkhope yanu si yachilendo."

"Timakhala khomo loyang'anana," anatero mayiyo. "Galu amene amakusowetsani tulo ndi wanga."

Anaseka onse awiri, ndipo anapitiriza kucheza atatseka njira ndi tingolo tawo. A Sitampa ataona njira yotsekedwa ndi anthu ocheza, maso awo analengeza misozi. Umu ndi mmene sitolo imayenera kuonekera.

Akubwerera kuti akayendere mbali ya nyama, anaona mtsikana atakhala pa kreti yogadabuza kuseri kwa mashelefu a zakumwa. Anavala jinzi ndi nsapato zothamangira, foni ili kukhutu. Aliyense anali pa ntchito kupatula iyeyo.

"Iwe mwana, umagwira ntchito muno?"

"Eya, bambo." Anadula foni n'kuimirira.

"Ndiye ukuchita chiyani pakreti? Ntchito ikusowa masiku ano. Manijala wako akakuona uli chonchi, mawa uli panyumba. Ndipo ali kuti manijalayo? Chifikire sindinamuone."

"Ndine, bambo," anatero mtsikanayo mofatsa. "Ndimalankhula ndi ku likulu, kufunsa kuti atitumizira ndani. Afunsana maofesi onse. Akuti sanatume munthu."

A Sitampa anamasula tayi pang'ono. Mlonda anayang'ana chipewa chimene ananyamula, anayang'ana mwini wake, n'kuchiika pang'onopang'ono pamwamba pa mabotolo.

Ofesi ya manijala inali kachipinda kopanda zenera, kodzaza makatoni. Mtsikanayo anawapatsa mpando wake, iye n'kukhala pakatoni. Sanakalipe. Anafunsa ngati amwa madzi, ndiponso ngati pali wachibale amene angamuimbire. Asanayankhe, chitseko chinatseguka ndipo akazi awo analowa ndi majumbo awiri, akunyambita ayisikirimu.

"Ndi amuna anga awa," anatero. "Sakudwala. Ndi mmene alili."

"Amayi, kani ndi inu," anatero manijalayo, nkhope ikumasuka. "Bondo lija lili bwanji?"

"Likuyesera, mwanangu."

A Sitampa anayang'ana uyu, n'kuyang'ana uyo.

Nkhani inakambidwa mwamtendere. Zimene anasokoneza mayi wokolopa polipirira zikonzedwa. Za moni palibe amene anavulala. Koma matimati ofinyidwa ndi sitolo yonse sangagulitsidwenso, ndipo theka la keke lilibe mwini. Zimenezi zinali za a Sitampa. Anapisa m'thumba la jekete kuti atulutse chikwama, koma akazi awo anali atatulutsa kale foni m'kachikwama kawo. Anaigunditsa pa kamakina ka manijala, kamakinako kanalira kamodzi, nkhani n'kutha.

Panja, akudikira galimoto, a Sitampa anaima ndi bokosi la matimati m'manja, theka la keke lili pamwamba. Madzi ofiira ankadontha pa nsapato zopukutidwa zija.

"Zimene munachita ndi foni zija munaphunzira liti?"

"Kalekale. Ndimabwera kuno pakati pa sabata, inu mukamagona masana. Mumayesa mabisiketi amene mumamwera tiyi amagwa kumwamba?"

"Nanga bwanji simunandiuzeko tizibwera limodzi?"

"Mukanavala suti," anatero mayiwo, akupukuta zala.

Kunyumba anadya matimati m'mawa, masana ndi madzulo, ena n'kugawira oyandikana nawo mpaka anthu anayamba kutseka makatani akaona a Sitampa akubwera ndi mbale. Namwino anaimba foni ali ku maphunziro konko, akuseka mosatha kulankhula, chifukwa anzake anamuonetsa kanema wa bambo wina wa suti akulamula sitolo yonse kupatsana moni, ndipo iye anachita kunamizira kuti sakuwadziwa.

Kanemayo anayenda kutali kuposa kalata iliyonse imene a Sitampa anadindapo. Anthu ambiri amene anamuona sanamve mmene nkhaniyo inathera. Choncho a Sitampa akamapita kometetsa kapena kokagula nyuzipepala, ankaimitsidwa pamsewu ndi anthu osawadziwa. Wina ankadandaula za mtengo wa mafuta ophikira, wina za kangolo kokhota gudumu, wina ankapempha ntchito ya mphwake. Masiku oyamba ankafotokoza zoona zake, koma kufotokozako kunkatalika ndipo anthu ankachoka okhumudwa. Pambuyo pake anasiya. Ankaima, manja kumbuyo, kumvetsera mpaka munthuyo amalize, n'kumufunsa za kunyumba.

"Tiziona," ankatero pomaliza, ndipo munthuyo ankathokoza n'kumapita.