Laputopu Yomwe Inaumira pa Nkhope ya Apongozi

Febian Mbewe ankajambula mavidiyo a maukwati ku Petauke, ndipo sabata imeneyo zinthu zinali zitamuthina. Laputopu yake inali itauma, ndipo inasankha pouma poipa. Nkhope ya apongozi ake, amai Perpetua, inali itadzaza sikirini yonse, kukamwa kuli yasa, mwendo wa nkhuku uli pakati pa mano, maso ali pa iye.

Munthu woleredwa bwino sayang'ana apongozi ake m'maso. Febian akakumana nawo panjira ankapatukira kutchire, ngakhale kukhale chitedze. Tsono apa apongoziwo anali pa tebulo lake lenileni, akumuyang'anitsitsa osaphethira. Anayesa kudina apa ndi apo atatembenuzira khosi kumbali, koma palibe chinasuntha. Mapeto ake anatenga chitenje cha mkazi wake Memory n'kuphimba laputopuyo.

Vutoli linayamba pamene laputopuyo inagwa pa njinga pochokera ku ukwati wina ku Kalindawalo. Hadi diraivi, kachipangizo kamene kamasunga zonse za m'kompyuta, inafera pomwepo. Mnzake Ricky, amene ankakonza mafoni, mawailesi ndi maambulera pamsika, anamuikira ina. Laputopu inayaka bwinobwino, koma ntchito yodula ndi kulumikiza vidiyo inayamba kuyenda ngati birimankhwe. Mkwatibwi ankanyamula phazi n'kulisiya m'malere. Mawu a abusa ankafika pa ameni pakamwa pawo pakadali pa Atate wathu.

Chikhala ukwati wa anthu wamba, Febian akanangowanamiza kuti magetsi anathima. Koma uwu unali ukwati wa Dorika, mng'ono wake wa Memory. Amai Perpetua anabwera ku Zambia pothawa nkhondo ya ku Mozambique, ndipo anzawo atayamba kubwerera iwo anatsala chifukwa anali atakwatiwa. Mlongo wawo, a Julio, anabwerera, ndipo chichokereni sanaonanenso. Tsopano a Juliowo anali atakalamba moti ulendo sakanautha, choncho anatuma wachibale kudzawaimira pa ukwati. Mlendoyo anali kubwerera Loweruka, ndipo amai Perpetua analamula kuti asachoke popanda disiki ya vidiyo ya ukwatiwo. Sanauze Febian, pakuti awiriwa sankalankhulana. Ankauza Memory, mokweza kwambiri, Febian ali kuseri kwa khoma.

Febian anathamangira kwa Ricky. Ricky anali munthu wosasowa yankho, ndipo mawu akuti sindikudziwa sanatulukepo pakamwa pake chibadwire. Poyamba anati makinawo atentha, awaike pamwamba pa mtsuko wa madzi. Febian anatero, ndipo tsiku lonse banja linamwa madzi otentha a m'chigubu. Apongozi sanasunthe. Kenako Ricky anati ndi mavairasi, n'kuikamo mapulogalamu atatu olimbana nawo, ati galu mmodzi salonda mudzi. Laputopu inayamba kulira ngati chigayo, koma nkhuku ija inali ikadali pakati pa mano.

Ricky atabwera kunyumba kwa Febian anakweza chitenje, n'kuyang'ana kwa nthawi, n'kupukusa mutu.

"Mudala, iyi makina ilibe vuto," anatero. "Ili chabe na ulemu. Yaona apongozi, yaima. Iwe ukawaona siuima?"

Memory anali pakhomo akumva zonsezi, ndipo mtima unamuphulika. Ananena kuti amai ake asiya kudya bwino chifukwa cha disiki imeneyi, pamene amuna awiri akuluakulu akuzunguza mtsuko. Anakulunga laputopu m'chitenje chomwecho, n'kumuuza mwamuna wake kuti atsogole. Anapita kwa amai Bernadette Njobvu, amene ankaphunzitsa kompyuta ku sekondale ndipo ankaimba kwaya limodzi ndi Memory.

Amai Njobvu atavundukula chitenje anaseka mpaka misozi, kenako anapepesa, kenako anasekanso. Atapuma anafunsa Febian zimene anaika mu hadi diraivi yatsopanoyo. Apa Febian anatukula chifuwa. Anafotokoza kuti yakale itafa anataya maukwati ambiri, ndipo analumbira kuti sizidzachitikanso. Anasonkhanitsa madisiki onse amene anali nawo, ena anachita kukabwereka kwa eni ake, n'kukopera zonse m'laputopu, ukwati uliwonse katatu.

"Katatu katatu, madamu," anatero. "Manje siningataye kanthu."

"Vonse mu hadi diraivi imodzi?"

"Ee."

"Nanga ikagwanso pa njinga, a Mbewe, vingati vizapulumuka?"

Manyazi anamugwira Febian, chifukwa anali atadzitama za nzeru imeneyi msika wonse.

Mphunzitsiyo anamuonetsa kamzere kofiira kosonyeza kuti malo atha. Anati pulogalamu yodulira vidiyo imafuna poyala zinthu zake ikamagwira ntchito, monga munthu woyanika mtedza amafunira bwalo, ndipo Febian anali atadzaza bwalo lonse ndi maukwati a anthu amene ena anasudzulana kale. Agalu atatu a Ricky nawo sankalonda kanthu, ankangouwana okhaokha, aliyense akufuna kununkhiza fayilo yomweyo. Anachotsa awiri n'kusiya mmodzi. Anapezanso kuti Ricky, poika zinthu mwatsopano, anaiwala kapulogalamu kamene kamayendetsa mbali yoonetsa zithunzi, moti ntchito yonse yolemera inkagwera mbali ina ya makina. Anakatenga pa intaneti n'kukaika. Hadi diraiviyo anati si yothamanga kwenikweni, koma siinali yolakwa.

Febian anafuna kufufutiratu maukwati akalewo, koma amai Njobvu anamugwira dzanja. Anatulutsa hadi diraivi yawo yolumikiza ndi chingwe, n'kumubwereka mpaka adzagule yake. Anasamutsiramo maukwatiwo kamodzi kamodzi, pamodzi ndi zonse zimene Febian anajambula pa ukwati wa Dorika zisanadulidwe. Anamuuza kuti chipangizo chimenechi azichisiya kunyumba, chisamakwere njinga, ndiponso kuti podula vidiyo azilumikiza laputopu ku magetsi chifukwa pa batire imadziletsa mphamvu.

Atayatsanso makinawo, amai Perpetua anatafuna, n'kumeza. Febian anapuma ngati watula thumba la chimanga. Atafika kunyumba, chinthu choyamba chimene anachita chinali kudula chigawo cha nkhukucho n'kuchifufuta, akudziyamikira kuti wabisa manyazi a apongozi ake.

Lachisanu masana banja lonse linakhala m'nyumba kuonera. Febian anakhala panja pafupi ndi windo, makutu ali tcheru. Mkwatibwi anayenda ngati munthu, abusa anamaliza pemphero limodzi ndi mawu awo, anthu anaimba nthungululu. Vidiyo itatha, amai Perpetua okha ndi amene sanaombe m'manja.

"Memory," anatero mokweza, "uwafunse amuna ako, atate ake Gift. Paja ninali kudya nkhuku pali kuti?"

Memory anafotokoza kuti mwamuna wake anachotsapo chifukwa cha ulemu.

"Abwezepo," anatero amai Perpetua. "Ine ninachita kuyang'ana kamera dala. A Julio ananisiya ku kampu ya othawa nkhondo nili mafupa yekayeka, tikugawana phala ya chithandizo mu mbale imodzi. Pokwera galimoto analira kuti anisiya ku njala. Nifuna aone kuti mlongo wawo lelo akudya nkhuku, na mano yake yonse."

Panja Febian anamva chisoni, kenako anamva mantha, pokumbukira kuti chigawocho anachifufuta ndi dzanja lake. Ananyamuka kuthamangira kuchipinda kumene anabisa hadi diraivi ya amai Njobvu m'sutikesi, n'kuilumikiza ku laputopu. Apongozi anali momwemo, nkhuku ili pakamwa.

Anabwezeretsa chigawocho, ndipo popeza laputopu tsopano inkayenda bwino, anachita kuchiimitsa yekha kanthawi kuti a Julio adzaonetsetse. Anachita zonsezi atayang'ana kudenga, Memory akumuuza podina. Loweruka m'mawa mlendo anakwera basi disiki ili m'thumba la jekete, ndipo amai Perpetua anatumiza kwa mkamwini wawo mbale yovundikira. Memory atavundukula anapezamo mwendo wa nkhuku.

Phunziro: Kompyuta ikayamba kuchedwa mutasintha hadi diraivi, musathamangire mtsuko. Onani ngati malo alipo okwanira, ngati mapulogalamu oyendetsa zipangizo anaikidwa onse, ndiponso ngati mulibe mapulogalamu ambiri ogwira ntchito imodzi. Zikakukanikani funsani wodziwa, osati amene sasowa yankho. Ndipo chinthu chamtengo wapatali muzichisunga pamalo awiri osiyana, chifukwa chimene inu mwachiona chochititsa manyazi mwina n'chimene mwini wake akuchifuna.