Achimwene Achitsulo pa Mzere wa Khonsolo

Ndawotcherera zitsulo zaka makumi anayi, ndipo pamene ndinkapanga mageti a anthu olemera palibe anandifunsa chilolezo. Tsiku limene ndinapanga chinthu changachanga, kalata inabwera.

Chinthucho ndi munthu wachitsulo, wamtali kuposa chitseko. Nthiti zake ndi masipuling'i a bedi, khosi ndi paipi, nkhope ndi fosholo yakutha. M'dzanja wagwira ambulera ya beseni lobooka. Ndinamuimika pakona pomwe anthu amadikirira basi, n'kumuveka jekete ya malemu achimwene anga, amene moyo wawo wonse unathera kudikira zinthu zosabwera. Kalata ya khonsolo inati ndimuchotse pasanathe masabata awiri, apo ayi adzamudula n'kumugulitsa kwa ogula zitsulo zakutha.

"Ndinati pangani mbaula," anatero mayi a kunyumba. "Inu mwakadzutsa alamu anga."

Mwana wanga wamkazi anandilembera kalata yodandaula, ndipo ndinapita nayo ku ofesi ya mapulani. Kumeneko kunali bambo wamagalasi amene aliyense ankamutchula kuti Bwerani Mawa. Anati ndibweretse chithunzi. Ndinabweretsa. Anati chilibe miyeso. Ndinayeza. Kenako anati komiti iyenera kuona chinthucho ndi maso, koma galimoto ya komiti ilibe matayala.

"Nanga masabata awiri aja?" ndinafunsa.

"Amenewo akuyenda, madala. Safuna matayala."

Ine sukulu ndinalekeza panjira, koma munthu akamandinolera mpeni ndimamva. Ndinabwereka ngolo ya apongozi, tinakweza achimwene achitsulowo, mpaka pabwalo la khonsolo. Ngati maso a komiti sangayende, chinthucho chiwayendere. Ndinawaimika kumapeto kwa mzere n'kupita kukamwa madzi pampopi.

Pobwerera ndinapeza anthu asanu ndi awiri ataima kumbuyo kwawo. Mayi wina anati, "Bambo awa ndi aulemu, sakankha." Mlonda anali atawapanikiza kale kapepala ka nambala m'thumba la jekete.

"Woima pamzere aliyense amalandira nambala," anatero mlondayo. "Si ine ndinapanga lamulo."

Bwerani Mawa atatuluka, magalasi anatsala pang'ono kugwa.

"Chotsani chidole chanuchi pano! Komiti imaona chinthu pamalo pake, pakona paja, osati pabwalo lathu!"

Ndinakankha ngolo kulowera kugeti. Mlonda anatseka.

"Katundu satuluka popanda pepala."

"Ndalowa naye ndine, iwe ukuona!"

"Kulowa n'kwina, kutuluka n'kwina, madala."

Pepala lotulutsira katundu amapatsa mwini wake. Umwini wa chinthu choimikidwa umadziwika ndi chilolezo. Chilolezo chimatuluka komiti ikaona chinthucho pakona. Bwerani Mawa anafotokoza zonsezi yekha, pang'onopang'ono, ndipo pofika kumapeto mawu anali atamuthera. Anaitanitsa loya wa khonsolo. Loyayo anazungulira achimwene kawiri, anagogoda nthiti zawo ndi cholembera, n'kunena kuti popeza ndinadandaula polemba, chinthuchi tsopano ndi umboni. Palibe angachidule kapena kuchisuntha mlandu usanathe.

"Utha liti?" ndinafunsa.

"Komiti ikachiona pamalo pake."

Ndinayang'ana Bwerani Mawa. Kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti ndi munthu wabwino.

Chino ndi chaka chachitatu. Anthu amapachika zikwama pamkono wa achimwene, ena amabisala dzuwa pansi pa beseni, ndipo akwati awiri anajambulitsapo. Wondithokoza palibe. Ndamvanso kalaliki wina akuuza mlendo kuti anaimika ndi a khonsolo, pofuna kukongoletsa bwalo. Akuba ali ndi njira zambiri. Mwezi uliwonse ndimapita ndi kabotolo ka oyilo kukadzoza mfundo za m'mawondo, n'kufunsa ngati mlandu wasuntha, mtima uli m'mwamba.

"Alamu anga apeza ntchito ya boma atamwalira," amatero mayi a kunyumba. "Inu muli moyo, muli chabe."

Mwezi wathawu Bwerani Mawa anapuma pantchito. Pampando pake panakhala mayi wachitsikana wa kompyuta, wachangu, womwetulira. Anthu omwetulira ndimawaopa.

"Agogo, pepani kwambiri, mwazunzika," anatero. "Mlandu wanu ndiuthetsa sabata ino."

Mlandu ukatha ndikaluza, achimwene alowa pasikelo ya ogula zitsulo. Ndinamuuza kuti asadzivute, ine sindili pachangu. Anaganiza kuti ndikunena mwaulemu.

Lachisanu ndinapitanso. Ndinapeza fayilo yanga itatambasulidwa desiki yonse, mapepala ena pansi. Kumwetulira kuja kunalibe. Anayang'ana achimwene pawindo, anayang'ana geti, anayang'ana galimoto ya komiti itakhalabe pa njerwa zake zinayi. Kenako anapumira m'mwamba.

"Agogo," anatero motsitsa mawu, "bwerani mawa."

Ndinatuluka, ndinawakonza achimwene kolala, n'kuwasinthira nambala.