Tayala Lachigamba

Abdulla anagubuduza matayala atatu kuchokera kuseri kwa sitolo yake pa Mitundu n'kuwatsamiritsa pakhonde. Efulemu ananjuta n'kuyamba kuwadina ndi chala, limodzilimodzi. Zipora, mkazi wa malemu mkulu wake Yona, anaima chapatali, duku litaphimba mutu wake wometa.

Panali patapita masiku khumi chiikireni Yona m'manda. Tayala lakutsogolo la pikapu yake linaphulika pamtsetse wa kufupi ndi kumudzi, galimoto inagwera m'ngalande, chiwongolero n'kumuthyola chifuwa. Galimotoyo anaikoka ndi ng'ombe mpaka kunyumba. Inangopindika bampala basi.

"Ili n'latsopano, lachokera ku Limbe," anatero Abdulla. "Awiriwa achoka pa galimoto ya kuesiteti. Ili lili bwinoko. Koma linzakeli lili ndi chigamba m'kati, sindingakubisireni."

"Tipatseni lachigambalo," anatero Efulemu.

Zipora anasendera pafupi. "Alamu, limene lapha akulu anu linalinso lachigamba."

"Ndi ulendo umodzi wokha, alamu. Kukakutulani kwanu ku Nathenje ndi katundu wanu, basi. Loweruka kukubwera mmwenye wa ku Lilongwe kudzatenga galimotoyo. Ndiye timugulire iyeyo latsopano?"

Zoti galimoto ikugulitsidwa Zipora anazimvera pomwepo. Zoti abwerere kwawo anamuuza dzulo lake, achibale a Yona atakumana kwaokha. Anakhala pachitengwa zaka khumi ndi zinayi, ndipo ana ake awiri onse anali kumanda a m'mudzi womwewo. Munda wa fodya anali atapatsa kale mphwake wa malemuyo.

"Akulu anu anakumba mgodi ku Joni zaka zisanu ndi ziwiri kuti apeze galimoto imeneyi," anatero Zipora motsitsa mawu.

"Ndiye muziiyendetsa ndinu?" anatero Efulemu.

Abdulla anapukuta fumbi pa tayala latsopanolo ndi chikhatho, ngakhale fumbilo panalibe.

"Mayi, a Yona anabwera mwezi watha. Analigwiragwira limeneli nthawi yaitali. Anati adzalitenga akagulitsa fodya."

"Fodyayo akadali m'chigafa," anatero Zipora. "Si wanganso."

Efulemu anamangirira tayala lachigambalo panjinga ndi luzi, n'kuyamba kuikankha. Zipora ankabwera m'mbuyo. Anayenda choncho mpaka kukafika kumudzi.

M'mawa mwake Efulemu, amene anaphunzira kuyendetsa ali pantchito yokonza misewu, anamanga tayalalo n'kulipopa. Anakweza mphasa, mtondo, miphika iwiri ndi sutikesi yachitsulo. Kumbuyo kunatsala malo ambiri. Apongozi ake a Zipora anatsanzika ali m'nyumba, osatuluka.

Msewu unali wa mabampu, ndipo galimoto ikagunda dzenje Zipora ankagwira chitseko n'kutchera khutu ku tayala lija. Silinaphulike. Sanadziwe ngati asangalale.

Atadutsa dambo lina anaona anthu kutsogolo: mayi wobereka mwana wamkulu ndithu, miyendo ili lendelende, ndi bambo wokalamba atasenza thumba la chimanga. Ataizindikira galimotoyo sanakweze n'komwe mkono. Bamboyo anangotula thumba pansi, mayiyo n'kuyamba kumasula nsalu, onse n'kuima m'mbali mwa msewu kudikira kuti iime monga ankachitira Yona masiku onse. Mwina uthenga wa maliro unali usanawapeze.

Zipora anakunga chitenje chake n'kusendera pakati pa mpando, kusiya malo kuchitseko.

Efulemu sanachepetse liwiro.