Dzina la M'mabulaketi

Rebeka, mphunzitsi wa pulayimale ku Nachisaka m'boma la Dowa, ankachita digiri ya zaulimi uku akugwira ntchito. Kafukufuku wake anali wa kasungidwe ka mbewu ya chimanga cha makolo, ndipo zambiri anazimva kwa bambo ake, a Elifala, amene ukalamba unali utawalanda maso. Paliponse pamene walemba mfundo yawo, ankatsegula mabulaketi n'kuikamo dzina lawo ndi chaka, monga amachitira ndi olemba mabuku.

Madalawo sanasunge pakamwa. Aliyense wodutsa pakhomo ankamva, afune asafune, kuti Elifala akulowa m'buku la ku yunivesite.

Ntchito ija inabwerera kuchokera kwa mphunzitsi woiyang'anira ili psuu ndi inki yofiira. Mfundozi zinasindikizidwa kale, iye anatero, ndipo wosatchula amene anazisindikiza amayesedwa wakuba. Rebeka asinthe dzinalo, apo ayi digiri aiwale.

Anafufuza pa foni nkhani yosindikizidwayo mpaka anaipeza. Woilemba anali mlendo wa galimoto yoyera uja, amene anadzacheza pakhonde pawo zaka zapitazo, n'kumwa thobwa, n'kumapita. Zonse za bambo ake zinali momwemo, za phulusa, za kupachika ngala pa utsi, ngakhale kanthabwala kawo konena anankafumbwe. Dzina lawo lokha ndilo munalibe. Ankangotchedwa "mlimi wina wa ku Dowa".

Rebeka anaimbira mphunzitsiyo. "Bwana, wolemba nkhaniyo anamva kwa bambo angawa."

"Sindikukana, mayi. Koma wowerenga akafuna kutsimikiza, bambo anuwo akawapeza mulaibulale iti?"

Rebeka anafufuta dzina la bambo ake tsamba ndi tsamba n'kuikapo la mlendo uja, mtima ukumuwawa ngati akuzula chimanga chomera kale, ndipo kwa bambo ake sananene kanthu.

Buku litamangidwa ku Lilongwe, anabwera nalo kumudzi. A Elifala anayamba asamba m'manja asanaligwire. Analisisita chikuto, n'kulinunkhiza.

"Mwana wanga, dzina langa lili pati? Ndigwiritse."

Rebeka anatenga chala chawo chokhakhala, n'kuchiika pa mabulaketi a dzina la mlendo uja.

A Elifala anayendetsa chalacho pang'onopang'ono, uku akumwetulira.

"Ulisunge bwino," anatero. "Lamulungu tipita nalo kutchalitchi. Ndawapempha kale abusa kuti akawerenge pamenepa, mpingo wonse ukamve."