Diresi Lofiira Ndinalikana

Tsiku lotsegulira chionetsero chathu, mtsikana wovina patsogolo anaphonya sitepe potsika basi. Anafika mu holo atamunyamula, phazi litatupa ngati buledi. Nditangoliona ndinadziwa kuti uyu savina lero, ngakhale mawa.

Aphunzitsi, amene anayambitsa gulu lathu la zovinavina n'kundiphunzitsa kuvina ndili kamtsikana, sanachedwe. Anatenga diresi lofiira n'kundiponyera.

"Vala iwe. Gule ameneyu ali m'magazi mwako."

Ndisaname, mtima unadumpha. Koma ichi chinali chionetsero choyamba kuchiyendetsa ine chisiyireni kuvina. Holo ndinapeza ndine, zovala ndinasoketsa ndine, ndipo malo anga tsopano anali m'kachipinda kam'mwamba, kuuza wa magetsi nthawi yoyatsa ndi yozimitsa. Aphunzitsiwa ndimawadziwa bwino. Ndikanangovala diresilo, basi, uyang'aniri ukanathera pomwepo, ndikanakhala wongoitanidwa wina akathyoka mwendo.

"Aphunzitsi, avala Kachangu."

Kachangu ndi dzina limene tinam'patsa mtsikana wa mzere wakumbuyo, chifukwa amazungulira ng'oma isanamulole.

"Ameneyo? Afika pakati magetsi asanayake, azivina mumdima anthu akuseka. Ukufuna kundichititsa manyazi?"

"Magetsi ndi anga. Amupeza."

Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi. "Zikakanika, ntchito imeneyi waisiya lero lomwe."

Ndinati chabwino.

Kumuphunzitsa Kachangu kudekha tsiku limodzi? Aa, mayi ake omwe analephera. Ndinangomuimika pa siteji, ine n'kukwera kukamuyang'ana. Wovina aliyense thupi limamuulula asananyamuke, wina chibwano, wina mpweya. Kachangu amagwetsa phewa lakumanzere. Ndinaliona kangapo, ndinakhutira.

Wa magetsi, bambo wokonda kunyinyirika, anazolowera kutsata ng'oma.

"Achimwene, lero ng'oma muiiwale. Muzimvera ine."

"Mukatilowetsa m'mavuto, achemwali, ine ndinena kuti sindinaliko."

"Mudzanene. Dzanja likhale pa batani."

Anthu anadzaza holo. Ng'oma zinayamba, Kachangu analowa diresi likumukhwepa pang'ono m'chiuno. Maso anga sanachoke pa phewa lija. Litangogwa ndinati, "Yatsani." Mwanayo anazungulira, kufika pakati n'kupeza kuwala kukumudikira. Tinatero mpaka kumapeto, osaphonya ngakhale kamodzi. Anthu ankaganiza kuti liwirolo tinachita kupangana. Wa magetsi anayamba kuimba mluzu chapansipansi, ataiwala zonyinyirika.

Pansi pa tebulo mapazi anga anavina gule yenseyo. Ndipo pamene holo inaimirira kuombera m'manja Kachangu, zinandipweteka, sindibisa. M'manja mwa mtundu umenewo ndimamudziwa kukoma kwake. Komabe ndinauza wa magetsi kuti amusiyire kuwala nthawi yotalikirapo, mwana akhute.

Anthu atatuluka ndinamva munthu akukwera masitepe a kachipindako, akupuma mwawefuwefu. Anali Aphunzitsi. Anaima pakhomo atagwira bondo, n'kuyang'ana mabatani ngati akufuna pomwe angayambire kukalipa. Sanapapeze. Kuyamika sadziwa, ndiye sindinayembekezere.

"Phewa lija ndinaliona nanenso," anatero.

"Ndikudziwa, Aphunzitsi."

Anakhosomola. "Nanga mawa, mayi, mukufuna anawa afike nthawi yanji?"

Ndinawauza nthawi. Anagwedeza mutu, n'kutsika kukawauza.