Nipo ya Buleki pa Tsiku la Chilanga Mulilo

Dyton, makaniko wa ku Chawama, anali atavala kale suti pamene foni inalira. Linali tsiku la chilanga mulilo, azimayi a kwawo kwa Monalisa, mkazi amene ankafuna kumukwatira, ankamubweretsera zakudya za mkamwini. Woimbayo anali Hosea, dalaivala wa minibasi yonyamula azimayiwo.

"Boi, tili pa Kanyama. Nenze kuchosa mphepo mu mabuleki, ka nipo kathyokera mukati. Vakudya vizizira."

Dyton anathamanga, nazembera kuseri kwa basi, n'kulowa pansi asanaonedwe. Mkamwini saonekera kwa apongozi ali m'fumbi tsiku lotere. Anaotcherera nati pa kachitsa kotsala ka nipo, kabawuti kotulutsira mphepo m'mabuleki, ndi makina obwereka kwa wopanga mageti, napotokola pang'onopang'ono mpaka kanatuluka. Anamanga nipo ina.

Tsopano panafunika wopopa buleki, poti Hosea ankathira mafuta. Amene anakwera pampando wa dalaivala, chitenje chili m'chuuno, anali Mayi Chisala, apongozi akewo. Ntchitoyi imafuna kukuwa, koma apongozi ungawakuwire bwanji?

"Ngati sichingavute, amayi," ananong'ona, "mwina mungapondeko pang'ono, ndiye mukaponda..."

Asanamalize ulemu wakewo, mayiwo anali ataponda n'kusiya kale, mphepo yabwereranso. Zinatero katatu.

"Iwe makaniko!" anakalipa Mayi Chisala, akuona nsapato zokha. "Ukamba na nyerere? Mukamwini wanga afa na njala!"

Dyton anatsinzina, napepesa mumtima, kenako nakuwa:

"Pompani! Pompani! Gwirani! Nati gwirani, imwe!"

Mafuta anatuluka opanda thovu, buleki inalimba. Azimayi analuluta, ng'oma inayamba.

"Uyu ndiye mwamuna," anatero mayiwo. "Osati ba Dyton, bakamba monga bali na mbatata yokupya mukamwa."

Zinamuwawa, koma anakwawa n'kuzembera kuseri basi isananyamuke. Anadutsa njira zachidule pa njinga ya wogulitsa makala, nakafika kunyumba ng'oma zikumveka pakona.

Azimayi atayala mbale zonse, anabwera ndi beseni kuti amusambitse m'manja. Madzi anada bii. Mayi Chisala anayang'ana madziwo, kenako nsapato, kenako nkhope ya mkamwini amene ankafuna nthaka imumeze.

"Kansi mau muli nayo, ba Dyton," anatero, akumusunthira mbale ya nkhuku.